Magazi Saiŵala Mlendo

Sharpevale ndi malo a kuchigwa. Munthu wochokera pa boma pa Ntcheu, kumene mphepo imaluma m'mwezi wa Juni, akatsika mapiri kuloŵa m'chigwa cha Bwanje amavula jekete asanafike n'komwe pa njanji ija yochokera ku Balaka kunka ku Salima. Kutentha kotereku udzudzu umakondwa nako, ndipo kumene kwachuluka udzudzu malungo sasoŵa. Mvula ikakhazikika, amayi amayamba kufika pa chipatala atabereka ana ofooka, amene zikhatho zawo ndi m'kati mwa zikope mwayera mbee, chifukwa tizirombo ta malungo taswa maselo ofiira a m'magazi mwawo. Palinso azimayi amene achira bwinobwino, mwana walira, koma magazi akukana kuleka. Ana a malungo ndi amayi a uchembere ndiwo amalandira magazi ambiri m'Malaŵi muno. Chipatala chaching'ono cha kumudzi sichisunga magazi, kotero wodwala wotere amakwezedwa galimoto kunka ku chipatala chachikulu chimene chili ndi labotale ndi filiji.

Pa ulendo umenewo abale amanyamula nkhaŵa ziŵiri. Yoyamba ndi yakuti kodi magaziwo akapezeka. Yachiŵiri ndi yakuti kodi m'menemo mulibe matenda. Nkhaŵa zonsezi n'zomveka, ndipo n'chifukwa chake m'chaka cha 2003 kudakhazikitsidwa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene limatolera magazi kwa anthu opereka mwaufulu, makamaka ophunzira a m'sukulu za sekondale, n'kuŵayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiŵindi a hepatitis B ndi C asanaŵatumize m'zipatala. Ofesi yake ina ili pa Balaka pompa. Koma pali choopsa chachitatu chimene sichikambidwa kaŵirikaŵiri. Thumba la magazi abwinobwino, ochokera kwa mnyamata wathanzi, opanda kachirombo ndi kamodzi komwe, likhoza kupha munthu pa maola oŵerengeka. Pamenepo mdani amakhala ali kale m'thupi mwa wodwalayo, ndipo ndi mlonda wake yemwe.

Kwathu kuno timati anthu obadwa bere limodzi ndi magazi amodzi. Pa nkhani ya chibale mau ameneŵa ngoona, koma labotale imaŵakana. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini muli maselo ofiira pafupifupi 5 miliyoni, ndipo selo lililonse lili ndi zizindikiro pakhungu pake, zimene madokotala amazitcha ma antigen. Tikhoza kuziyerekeza ndi mphini zimene makolo ankatema pankhope kuti munthu adziŵike kwawo. Zizindikirozi timatengera kwa bambo ndi kwa mayi, theka uku theka uku, ndipo popeza kagaŵidwe kake n'kosiyana pa mwana aliyense, ana aŵiri a mimba imodzi akhoza kukhala wina wa gulu A wina wa gulu O. M'madzi a magazi, aja otchedwa plasma, mumayandama alonda otchedwa ma antibody, amene ntchito yawo ndi kugwira chilichonse chokhala ndi mphini zachilendo. Alonda ameneŵa ndiwo amatipulumutsa ku chikuku ndi ku nthenda zina zambiri. Chovuta chawo n'chakuti sadziŵa kusiyanitsa mlendo wobwera ndi nkhondo ndi mlendo wobwera ndi chithandizo.

Madokotala adatenga zaka zambiri asanazindikire zimenezi. Kuyambira m'chaka cha 1818 James Blundell, dokotala wa azimayi wa ku London, ankayesa kuika magazi a munthu mwa munthu mnzake, makamaka mwa amayi otaya magazi pochira. Ena ankatsitsimuka, ena ankamwalira, ndipo chifukwa chake sichinkadziŵika. Yankho lidachokera ku Vienna m'chaka cha 1901, pamene Karl Landsteiner adatenga magazi a iye mwini ndi a anzake a pa ntchito, nalekanitsa maselo ndi madzi ake, n'kumasakaniza maselo a uyu ndi madzi a uyo. Pena zidasakanikirana bwino. Pena maselo adaundana timibulu ngati chambiko. Poona dongosolo la kuundanako adapeza magulu atatu, amene lero timaŵatcha A, B ndi O. Lachinayi, AB, lidapezedwa ndi anzake aŵiri chaka chotsatira. Ntchito imeneyi idampatsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 1930, ndipo ndiyo ija timaphunzitsa m'kalasi ya Biology ndi kabokosi kojambula pa bolodi, kamene ophunzira amaloŵeza usiku woti maŵa mayeso n'kuiŵala mkuja.

Chachilendo pa magulu a ABO n'chakuti alonda ake sadikira kuti aone magazi achilendo poyamba. Khanda likafika miyezi 3 mpaka 6, thupi lake limayamba lokha kupanga ma antibody olimbana ndi chizindikiro chimene ilo lilibe, chifukwa tizirombo ta m'matumbo tili ndi zizindikiro zofanana ndi A ndi B. Wa gulu A amakhala ndi anti-B, wa gulu B ndi anti-A, wa gulu O ndi onse aŵiri. Ndipo a gulu O ndi pafupifupi theka la Amalaŵi. Tsono munthu wa O akapatsidwa magazi a A, nkhondo imabuka thumba lisanafike n'komwe pakati. Maselo achilendo aja amaswedwa m'mitsempha momwemo. Wodwala amanjenjemera, thupi limatentha, msana umaŵaŵa cha m'chiuno, mtima umathamanga, mpweya umabanika. Mkodzo umasanduka wofiira kapena wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo impso zikhoza kuleka kugwira ntchito. Masupuni oŵerengeka chabe ndi okwana kuyambitsa zonsezi. N'chifukwa chake namwino amayamba ndi madontho apang'onopang'ono, nakhala pafupi mphindi 15 zoyamba. Wodwazika akaona zizindikiro zimenezi asachite manyazi, aitane namwino msanga, pakuti chithandizo choyamba ndi kutseka diripi.

Ngozi ya mtundu umenewu kaŵirikaŵiri sichokera ku kuvuta kwa sayansi, poti kuyeza gulu la ABO ndi ntchito ya mphindi zochepa. M'maiko amene amalemba ngozi za magazi, monga ku Britain kumene akhala akuziŵerenga chaka ndi chaka kuyambira 1996, apeza kuti gwero lalikulu ndi kusokoneza anthu: botolo la magazi okayeza lalembedwa dzina la wina, kapena thumba lapachikidwa pa bedi loyandikana. Taganizani tsono za kwathu kuno, kumene m'wodi imodzi mukhoza kugona a Naphiri atatu ndi a Nangozo aŵiri, ndipo mayi mmodzi yemweyo amadziŵika ndi dzina la ubatizo kutchalitchi, chiŵongo kumudzi, ndi dzina la mwamuna wake ku sikelo. Namwino akafunsa dzina kachitatu, sikuti ndi wogontha ayi. Dzina limene lidalembedwa poloŵa ndilo liyenera kunenedwa mpaka potuluka.

Pofika zaka za m'ma 1930 ambiri ankaganiza kuti nkhani yatha: A kwa A, O kwa O. Kenaka m'chaka cha 1939 madokotala aŵiri a ku America, Philip Levine ndi Rufus Stetson, adalemba za mayi wina wa ku New York amene adabereka mwana wakufa kale, nataya magazi ambiri. Mayiyo adali wa gulu O, mwamuna wake adalinso wa O, ndipo mwamunayo, monga achitira mwamuna aliyense wokonda mkazi wake, adatambasula mkono. Magazi atangoloŵa, mayi uja adadwala zoopsa. Atayesa madzi a magazi ake ndi maselo a anthu 104 amene gulu lawo linkayenera kugwirizana naye, adaundanitsa a anthu 80. Levine ndi Stetson adalongosola kuti mwana wa m'mimba uja adatengera kwa bambo wake chizindikiro chimene mayi adalibe. Thupi la mayi lidachiona, lidapanga alonda, ndipo alondawo ndiwo adachingamira magazi a bambo. Chaka chotsatira Landsteiner ndi Alexander Wiener, poyesa magazi a anyani a mtundu wa rhesus, adafika pa chizindikiro chonga chomwecho, ndipo dzina la Rhesus lidakanirira. Lero chizindikirocho chimatchedwa D. Amene ali nacho ndiye timati ndi "positive", wopanda ndiye "negative". Mau aŵa pa khadi la gulu la magazi alibe chochita ndi HIV, ndipo ife aphunzitsi tiyenera kumanena zimenezi momveka, poti mwana akhoza kuŵerenga "O positive" mtima n'kugunda pachabe.

Apa ndiye pagona nkhani. Ma antibody a mtundu wachiŵiriwu munthu sabadwa nawo, ndipo sadza okha. Amapangidwa thupi likakumana ndi maselo ofiira a munthu wina, ndipo njira zake zazikulu ndi ziŵiri: kulandira magazi, ndi kutenga pathupi, pakuti pa nthaŵi yochira kapena yopita padera timagazi ta mwana timadutsira mwa mayi. Kukumana koyamba kumapita mwakachetechete. Thupi limangophunzira nkhope ya mlendoyo n'kusunga. Kukumana kwachiŵiri, ngakhale patapita zaka 10 kapena 20, ndiko kumadzutsa nkhondo. Ndipo zizindikiro zotere si D yekha. Lero akudziŵika magulu a magazi opitirira 40, ena otchedwa maina a odwala amene adapezeka nawo poyamba: Kell m'chaka cha 1946, Duffy mu 1950, Kidd mu 1951. Anthu aŵiri olembedwa "O positive" pa makhadi awo akhoza kusiyana pa zizindikiro zina zambirimbiri.

Nkhani ya mayi wa ku New York ija imakhudza chizoloŵezi chathu china. Magazi akachepa m'filiji, makamaka nthaŵi ya tchuthi pamene ophunzira ali kumudzi, zipatala zimapempha abale kuti apereke. Woyamba kuimirira amakhala mwamuna wa wodwalayo, ndipo ndani angamdzudzule? Kupereka apereke ndithu, koma ndi bwino kuti thumba lake likaloŵe m'filiji kudikira munthu wina, mkazi wake alandire la munthu wapadera. Chifukwa chake n'chakuti zizindikiro zimene mwamunayo ali nazo, mkazi alibe, ndi zomwezo ana awo am'tsogolo angadzatengere. Kumpatsa mkazi magazi a mwamuna wake kuli ngati kuonetsa alonda chithunzi cha mwana amene sadabadwe, n'kuŵauza kuti uyu ndi mbala. Pamene palibiretu thumba lina ndipo mayi akutsirizika, moyo ndiwo umayamba; koma pamene pali posankha, mayi amene akadali pa msinkhu wobereka asalandire magazi a bambo wa ana ake.

Alonda a mtundu umenewu ndi aang'ono, ndipo amatha kudutsa nsengwa kuloŵa mwa mwana ali m'mimba. Mayi wa D negative amene thupi lake lidaphunzira kale pa mimba yoyamba, akatenga ina ya mwana wa D positive, ma antibody ake amaswa maselo a mwanayo. Khanda limabadwa losoŵa magazi, limachita chikasu tsiku loyamba lomwelo, ndipo chikasucho chikakula chimaononga ubongo. Pena mwana amatupa n'kufera m'mimba. Banja limene mwana wachisamba ali moyo koma otsatira akungopitirira, kumudzi timadziŵa kumene nkhani yake imathera: amalume amakhala pansi, ndipo agogo ena osalakwa amalozedwa chala. Ku Ulaya anthu a D negative ndi pafupifupi 15 pa 100 alionse. M'Malaŵi ndi 3 kapena 4 okha. Kuchepaku kuli ndi mbali ziŵiri. Amayi amene ali pa chiopsezo ndi ochepa, inde. Koma mayi wotere n'kovuta kuti akwatiwe ndi mwamuna wa gulu lake, ndipo tsiku limene adzafune magazi, ogwirizana naye adzakhala osoŵa. Kuyambira 1968 pali jakisoni wa anti-D, amene mayi akabayidwa pasanathe maola 72 atachira, amasesa timaselo ta mwana thupi lisanatiphunzire. Ndi wodula, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa sapezeka paliponse; choncho mayi wodziŵa kuti ndi negative anene zimenezi pa sikelo yoyamba, kuti pakhale nthaŵi yokonzekera. Jakisoniyu amangoteteza. Alonda akapangidwa kale, saŵachotsa.

Kuŵapeza alonda aang'onoŵa kudavuta poyamba. Anti-A ndi anti-B ambiri ndi zimphona za manja 10: zimagwira maselo angapo nthaŵi imodzi, mibulu n'kuoneka ndi maso pa kagalasi. Anti-D ndi anzake ali ndi manja aŵiri okha. Amamatirira pa selo koma salikokera kwa linzake, kotero woyeza amaona madzi osalala n'kuganiza kuti zonse zili bwino. M'chaka cha 1945 ku Cambridge, Robin Coombs, amene adaphunzira udokotala wa ziŵeto, pamodzi ndi Arthur Mourant ndi Robert Race, adapeza njira. Adagwiritsa ntchito magazi a akalulu amene adabayidwa mapuloteni a m'magazi a munthu, akaluluwo napanga alonda ogwira alonda a munthu. Dontho la mankhwala ameneŵa likathiridwa pa maselo omatiridwa aja, limaŵalumikiza monga luzi limangira mtolo wa udzu, ndipo chobisika chimaonekera. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito lero. Thumba lisanaperekedwe, wa mu labotale amasakaniza madzi a magazi a wodwala ndi maselo a m'thumbalo, amazifunditsa pa madigiri 37, kumene ndi kutentha kwa thupi la munthu, amatsuka maselowo kangapo, ndipo pomaliza amathira dontho la Coombs. Ntchito yonseyi, imene amaitcha crossmatch, imadya pafupifupi ola lathunthu.

Ola limenelo ndi lalitali kwa bambo amene wachoka ku Sharpevale mbandakucha ndipo akuona mwana wake akupuma mobanika. Amasuzumira pa windo, amaona thumba lili pa tebulo, amaona munthu wovala zoyera atakhala phee kuyang'ana wotchi, ndipo mtima umamnong'oneza kuti apa pakufunika kangachepe. Koma kufunditsa kuja sikungafulumizidwe ndi ndalama kapena ndi mkwiyo, monganso nyemba sizipsa msanga chifukwa alendo ali ndi njala. Pakakhala changu chenicheni, dokotala ali ndi mphamvu yolamula kuti magazi a gulu O, kapena a gulu la wodwalayo, aperekedwe kuyesa kusanathe, poona kuti kutaya magazi kupha msanga koposa. Chimenecho ndi chigamulo cha dokotala, ndipo amachichita akudziŵa chimene akuika pachiswe. Ine ndimaona kuti ntchito ya mu labotale ndi imodzi mwa ntchito zimene sitiziyamikira mokwanira, poti wodwala akachira amathokoza amene adamuona ndi maso. Inu achinyamata amene mwamaliza Folomu 4 ndipo Biology ndi Chemistry zidakukomerani, dziŵani kuti ntchitoyi imaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ku Malamulo m'boma la Thyolo, ndi ku Kamuzu University of Health Sciences.

Sikuti antibody aliyense wopezeka ndi woopsa, ndipo luso lenileni lagona pa kusiyanitsa. Funso limene akatswiri amafunsa ndi lakuti: kodi ameneyu amagwira maselo pa kutentha kwa thupi, ndipo akagwira amaŵaononga? Alipo ena, monga ambiri a anti-M ndi a gulu la Lewis, amene amachita ukali m'kagalasi kozizira koma pa madigiri 37 amangoti zii. Kuchedwetsa magazi chifukwa cha oterowo ndi kuika wodwala pa ngozi popanda chifukwa. Koma anti-D ndi abale ake a m'gulu la Rh, anti-K, anti-S, ndi a Duffy ndi Kidd, amenewo saseŵera nawo. M'chaka cha 2010 Dr Bridon M'baya ndi anzake a ku Malawi Blood Transfusion Service adafalitsa m'magazini ya Transfusion Medicine zotsatira za kafukufuku wa magazi a Amalaŵi. Mwa odwala 1,000 amene adayezedwa, 11 adapezeka ndi ma antibody odziŵika dzina: 6 adali anti-M, mmodzi wa Lewis, aŵiri anti-D ndi aŵiri anti-S. Ndiye kuti oopsa kwenikweni adali ngati 4 pa 1,000.

Chiŵerengero chimenechi n'chochepa, ndipo chifukwa china n'chakuti Amalaŵi timafanana magazi koposa m'mene timaganizira tikamakangana za mitundu ndi zigawo. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti opereka magazi pafupifupi 98 pa 100 alionse alibe zizindikiro za Duffy, ndipo chizindikiro K, chimene chili mwa Azungu pafupifupi 9 pa 100, chidaoneka mwa anthu oŵerengeka okha. Za Duffy zili ndi mbiri yokoma. Chizindikirochi ndicho khomo lalikulu limene kachirombo ka malungo a mtundu wa vivax kamaloŵera m'selo, ndipo makolo athu, pobadwa opanda khomolo, adautsekera kunja mtundu umenewo kwakukulu. Tsoka lake falciparum, amene amavutitsa ana a m'chigwa cha Bwanje, ali ndi makomo ena. Tsono Mmalaŵi akalandira magazi a Mmalaŵi mnzake, mlendo amakhala wa nkhope yodziŵika. Zinthu zimasintha akadwalira ku London kapena ku America, kumene opereka magazi ambiri ndi Azungu. Kafukufuku wa ku California wa m'chaka cha 1990 adapeza kuti mwa odwala sickle cell achikuda olandira magazi, 30 pa 100 alionse adapanga ma antibody, kwakukulu chifukwa cha kusiyana kumeneku. N'chifukwa chake mabungwe a magazi kumeneko amapempha kosalekeza kuti anthu a mtundu wa ku Africa azipereka.

Komabe tisadzitonthoze msanga. Munthu amene amalandira magazi mobwerezabwereza ali pa mlingo wina, poti thumba lililonse ndi mlendo watsopano. Ku Uganda m'chaka cha 2010 Bernard Natukunda ndi anzake adapeza ma antibody mwa odwala sickle cell 6 pa 100 alionse amene adalandirapo magazi, ngakhale opereka ndi olandira onse adali a dziko limodzi. Matenda a sickle cell tili nawo kuno, ndipo ana otere, pamodzi ndi odwala khansa ndi impso, amabwerera ku chipatala kukalandira magazi chaka ndi chaka. Palinso zizindikiro za ife eni, monga V ndi VS, zimene n'zofala mu Africa koma zosoŵa ku Ulaya, kotero maselo oyesera okonzedwa ku Ulaya kaŵirikaŵiri sakhala nazo. Chimene chimagwira alonda ake ndi crossmatch yochitidwa mpaka pa dontho lomaliza. Ndipo alipo anthu a mu Africa oŵerengeka opanda chizindikiro U, chimene pafupifupi munthu aliyense ali nacho. Wotereyo akapanga anti-U, kumpezera thumba logwirizana naye ndi ntchito yaikulu zedi.

Chimene chimandidetsa nkhaŵa koposa, poganiza za malo ngati Sharpevale, ndi mlonda wogona. Ma antibody ena, makamaka a gulu la Kidd, amazilala m'magazi pakapita miyezi kapena zaka, mpaka ngakhale dontho la Coombs siliŵapeza; koma thupi limakhala lisanaiŵale kapangidwe kake. Tiyerekeze mayi amene adalandira magazi zaka 6 zapitazo pa uchembere wake wachiŵiri. Lero wafunikanso magazi. Crossmatch yatuluka bwino, walandira matumba aŵiri, nkhope yaŵala, ndipo pa tsiku lachitatu watulutsidwa kubwerera kuchigwa. Pasanathe masabata aŵiri alonda aja adzuka nachuluka, ndipo ayamba kugwira maselo a mlendo limodzilimodzi n'kuŵapereka ku kapamba kuti akaphwanyidwe. Mayi akumva kutentha thupi, kufooka kwabwerera, maso achita chikasu, mkodzo wada. Ndani m'chigwa cha Bwanje amene angamve zizindikiro zimenezi osanena kuti ndi malungo? Ndipo popeza tizirombo ta malungo timapezeka mwa anthu ambiri a kuchigwa ngakhale sakudwala, kachipangizo koyezera kakhoza kuvomereza. Mayi akumwa LA, magazi akunka natsika. Kwa mwana wa sickle cell nkhani imabisika koposa, poti ululu wake umafanana ndi uja makolo adauzoloŵera kale, pamene ngozi yake ikhoza kufika pa imfa. Wodwala wotere akabwerera ku chipatala chachikulu, magazi oyeza ayenera kutengedwa atsopano. Lamulo la m'malabotale ambiri n'lakuti kwa munthu amene walandira magazi kapena wakhala ndi pathupi m'miyezi 3 yapitayo, botolo loyezera lisapitirire maola 72, chifukwa magazi a Lolemba sanena zoona za Lachisanu.

Mlonda wogona makina samuona; chimene chimamuulula ndi mbiri ya wodwala. Mbiri imeneyo m'Malaŵi imayenda m'kabuku ka kuchipatala kaja timasunga m'jumbo kapena pansi pa mphasa, kamene kakadzaza kapena kakanyowa timangogula kena n'kuyamba ngati obadwa lero. Tsamba lolembedwa kuti munthu adalandira magazi, tsiku lake, gulu lake, ndiponso ngati adanjenjemera kapena kuchita chikasu pambuyo pake, liyenera kusungidwa moyo wonse, ndipo kabuku kakale kasokereredwe ku katsopano. Dzina la antibody likalembedwamo kamodzi, kaya ndi anti-S kaya ndi wa gulu la Kidd, limagwira ntchito mpaka muyaya, ngakhale kuyeza kwa lero kunene kuti palibe. Dokotala akafunsa mayi kuti watengapo mimba zingati, funsolo likuŵerenga ndi zija zidapita padera, zimene mwamwambo sititchula pagulu; mayi angathe kupempha kuti apongozi ayambe atuluka panja, kenaka anene zonse. Ndipo munthu amene wabwerako ku chipatala atalandira magazi, akadwala m'masabata aŵiri otsatira, mau ake oyamba kwa wachipatala wa pa Sharpevale, asanatambasule n'komwe chala kuti ayezedwe malungo, akhale akuti, "Adandiika magazi Lachitatu lapitalo."